Funso la mikanda la Tiya lathera pa tikiti ya Maule

Tiya F4: Mwaswera bwanji makolo ndi achimwene pagulu pano. Pepani ndakusokonezani, MSCE yayandikira koma probability ikundizunguza mutu. Funso likuti m'thumba muli mikanda 5, yofiira 3 yabuluu 2. Ukutola umodzi osasuzumira, ukuubwezera, kenako ukutolanso. Mwayi woti yonse iwiri ikhale yofiira ndi wotani? Ine ndaphatikiza 3/5 ndi 3/5 ndapeza 6/5 koma mnzanga akungondiseka osandiuza pomwe ndalakwa

Maule Mpaka Kale: 6/5 nde kuti mwayi wadzadza mpaka kusefukira kkkkk ndigaileko wotsalawo

Nambewe: Inu musamuseke mwana, inuyo fomu 4 munamaliza?

Aphunzitsi Akale: Tiya mwanawe, yamba wagwira ichi. Mwayi umayambira pa 0 kulekeza pa 1. Ziro ndiye chinthu chosatheka, wani ndiye chinthu choti chichitika zivute zitani. Ukapeza ansala yoposa 1 usadikire kuti wina akuuze, dziwa kuti wasochera. Tsono apa sitiphatikiza, timataimusa. 3/5 x 3/5 = 9/25.

Tiya F4: Zikomo sala. Koma chifukwa chake ndi chani, kusukulu anangotiuza kuti mukaona "and" taimusani mukaona "or" phatikizani nde ine ndimasokoneza

Aphunzitsi Akale: Kuloweza kumeneko ndi komwe kumakugwetsani. Tenga kope. Mikanda ija ipatse manambala, 1 2 3 yofiira, 4 ndi 5 yabuluu. Potola koyamba utha kutenga uliwonse mwa isanuyo. Waubwezera. Potola kachiwiri ilipo isanu yomwe ija. Ndiye jambula bokosi la mizere 5 chotsika ndi 5 chopingasa, timabokosi tituluka 25, kalikonse ndi njira imodzi yomwe zinthu zingayendere, monga 1 kenako 4, kapena 5 kenako 5. Tsopano thikha timabokosi tomwe kumanzere kuli wofiira komanso pamwamba pali wofiira. Upeza kakona ka mizere 3 ndi 3, timabokosi 9. Ndi 9/25 imeneyo. Kutaimusa si lamulo lochoka kumwamba, ndi kuwerenga timabokosi mwachidule basi.

Tiya F4: Eeeh ndajambula zatulukadi 9. Nanga akati osabwezera?

Aphunzitsi Akale: Apo zasintha. Ukatola wofiira n'kuusunga m'manja, m'thumba mwatsala mikanda 4 ndipo yofiira ndi 2 yokha. Ndiye 3/5 x 2/4 = 6/20, ukachepetsa 3/10. Waona kusiyana kwake? Ukabwezera, thumba limaiwala zomwe zinachitika, kutola kwachiwiri sikudalira koyamba. Zimenezo ndi zomwe buku lako likutcha independent events. Ukapanda kubwezera thumba likukumbuka. A MANEB amakonda kubisa nkhani yonse m'mawu awiri amenewo, with replacement kapena without, ndiye uziwerenga funso modekha usanathamangire kakyuleta

Maule Mpaka Kale: Sala poti mwadzuka ndi masamu tandithandizeni inenso. Loweruka ndinamenya tikiti ya magemu 8, onse ma sure, ma odds a 1.40 1.40 okhaokha, matimu akuluakulu akusewera pakhomo. K1,000 imayenera kubala K14,700 ndi kanthu. Magemu 7 analowa bwinobwino, yomaliza timu ina ya ku Spain sinditchula dzina inakalola chigoli mphindi ya 88 n'kuthera draw. Aka nkachitatu mwezi uno kugwa ndi gemu imodzi. Ine ndikuti pali munthu akundiponda, si zabwinobwino izi

Noma Yekha: Akukuponda ndani iwe, kabaza wako yemweyo akudya ma tikiti

Maule Mpaka Kale: Iwe khala chete timu yako ikudziwa

Aphunzitsi Akale: Palibe akukupondani achimwene, ndi masamu a Tiya omwewa. Odds ya 1.40 ikutanthauza kuti a kampani akuona mwayi wa timuyo uli cha pa 70 pa 100, mungogawa 1 ndi 1.40 mupeza 0.71. Tingoti 0.7 kuti tisavutike. Gemu imodzi payokha ndi yabwino ndithu. Koma tikiti yanu ikufuna yoyamba ilowe NDI yachiwiri NDI yachitatu mpaka 8, ndipo gemu ya ku Spain sidziwa zomwe zachitika ku Germany. Ndiye timataimusa. Magemu awiri 0.7 x 0.7 = 0.49, mwatsika kale pansi pa theka ndi magemu awiri okha. Anayi 0.24. Asanu ndi atatu 0.058. Kunena kwina pa matikiti 100 otere odya ndi 6 osakwana bwino.

Maule Mpaka Kale: Aaa sala 6 pa 100? Mesa onse anali ma sure

Aphunzitsi Akale: Nambala iliyonse yochepera 1 ukamaitaimusa ndi inzake imanka ichepa. Zili ngati kusefa ufa kasanu ndi katatu, sefa iliyonse ikudyako pang'ono. Ngakhale mutati gemu iliyonse ili pa 80 pa 100, magemu 10 akupatsani 0.107 basi

Noma Yekha: Koma chomwe chimandidabwitsa ine nchakuti aliyense amalira gemu imodzi. Sindinamvepo munthu akuti ndagwa ndi magemu anayi

Aphunzitsi Akale: Funso labwino ilo. Choyamba wogwa ndi magemu anayi amang'amba tikiti mwakachetechete, satumiza pagulu. Chachiwiri tiyeni tiwerengere. Kuti 7 alowe imodzi ikane ndi 0.7 kataimusidwe ka 7, yomwe ndi 0.082, kutaimusa 0.3 ya yokanayo, tipeza 0.0247. Koma yokanayo itha kukhala yoyamba, yachiwiri, iliyonse mwa 8 aja, ndiye apa mpomwe timaphatikiza Tiya, njira 8 zosiyana, 8 x 0.0247 = 0.198. Pafupifupi 20 pa 100. Ndiye taonani, kudya kuli pa 6, kugwa ndi gemu imodzi kuli pa 20. Kuphonya pang'ono kumabwera kuposa katatu kuyerekeza ndi kudya. Ndipo nkumene kumakubwezani Loweruka linalo chifukwa mtima umati ndinatsala pang'ono

Nambewe: Mwamva bambo a Junior? Ndikudziwa mukuwerenga mwakachetechete

Maule Mpaka Kale: Kkkkk alamu agwidwa. Komabe sala Leicester inatenga ligi 2016 ili pa 5000 kwa 1, alipo anthu anadya

Aphunzitsi Akale: Analipo inde. Chinthu cha mwayi wochepa sichosatheka, ndipo zoterozo zikachitika dziko lonse limamva. Koma funsani kuti ndi angati anabetcha matimu ena ang'onoang'ono zaka zonsezi osamveka. China chomwe simuchiona ndi kachidutswa ka kampani. Tiyerekeze gemu yoti mbali ziwiri n'zofanana ndendende, theka theka. Chilungamo chake odds ikanakhala 2.00 uku 2.00 uku. Koma mupeza alemba 1.90 ndi 1.90. Ikani K1,000 mbali zonse ziwiri, mwatulutsa K2,000, chibwere chibwere mulandira K1,900. Ndiye pa K100 iliyonse K5 yatsala kwawo. Pa gemu imodzi sizioneka. Mukalumikiza magemu 8 kachidutswa kajanso kamataimusidwa, 0.95 kasanu ndi katatu ndi 0.66. Mukamenya matikiti otere kwa nthawi yaitali, pa K1,000 iliyonse yobwerera ndi cha m'ma K660. Mukuganiza kuti amakulimbikitsani kuwonjezera magemu chifukwa amakukondani?

Noma Yekha: Mpaka amapereka bonasi ukachulutsa magemu kkkk tsopano ndamvetsa

Maule Mpaka Kale: Ok nanga kandege, gemu ija ya pafoni yomwe umatulutsa ndalama yako kandegeko kasanagwe? Ine ndimadikira kagwe msanga kasanu motsatizana kenako ndimalowa chifukwa apo kayenera kuuluka basi

Wa ku Leeds: Moni nonse, ndangotuluka shifiti ya usiku ndapeza mameseji 40 kkk. Achimwene Maule maganizo amenewo anadyetsa anthu chuma kalekale. Ku Monte Carlo mu 1913 pa tebulo ya roulette, juga ya gudumu lozungulira la timabokosi takuda ndi tofiira, kampira kanagwera pakuda ka 26 motsatizana. Anthu ataona kagwera pakuda ka 10, ka 15, anayamba kuunjika ndalama pofiira kuti apa nde basi kasintha, kakagweranso pakuda iwo n'kuwonjezera, mpaka matumba anapepuka. Kampira kalibe mutu, sikadziwa kuti kagwera kuti kangati

Maule Mpaka Kale: Koma sisi 26 motsatizana si zachilendo zimenezo? Sala angonena kuti ukataimusa zimachepa

Aphunzitsi Akale: Apa mpomwe ambiri amapunthwa ndiye mvetserani. Musanayambe kuponya, mwayi woti zibwere 26 zofanana ndi wochepetsetsa zedi, mmodzi pa mamiliyoni ambirimbiri. Koma 25 zikachitika kale, zachitika, sizilinso za mwayi. Chatsala ndi kuponya kumodzi ndipo mwayi wake ndi womwe uja wa masiku onse. Funso loti "zonse 26" ndi funso loti "yotsatirayi" ndi mafunso awiri osiyana

Nambewe: Sala imani pomwepo. Ine ndili ndi atsikana anayi. Apongozi anga tsiku lililonse nyimbo ndi imodzi, yesaninso kamodzi wachisanuyu ndi mwamuna basi, sizingatheke asanu onse akazi. Mpaka anakandifunira mankhwala kumudzi ati ndizimwa mwezi ukaoneka. Ndiwauze chani

Aphunzitsi Akale: Mayi, titenge kuti mwana aliyense ndi theka theka. Banja lomwe likungoyamba kumene, mwayi woti ana anayi onse akhale akazi ndi 1/2 x 1/2 x 1/2 x 1/2 = 1/16. Si zachilendo ayi, pa mabanja 16 a ana anayi limodzi limakhala ngati lanu, ndipo lina limodzi limakhala la anyamata okhaokha. Asanu onse akazi ndi 1/32. Apongozi akuyang'ana 1/32 ameneyo. Koma inu anayi muli nawo kale akudya nsima, wachisanu ali pa theka ngati woyamba uja

Nesi Nabanda: Ndiwonjezereko anti. Mimba sisunga kaundula kuti tatulutsa akazi angati. Komanso muwauze apongoziwo mwaulemu kuti nkhaniyi imachokera kwa mwana wawo, dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse, mbewu ya bambo ndi yomwe imabwera ndi X wobweretsa mtsikana kapena Y wobweretsa mnyamata. Ndiye mankhwala akumwetsa munthu wolakwika kkkk ndipo ngakhale bambowo atamwa palibe chingasinthe. Kunena zoona anyamata amabadwa ochulukirako pang'ono, cha pa 105 pa atsikana 100 alionse, koma kusiyana kumeneko sikoti mungakonzere bajeti

Nambewe: Bambo a Junior bwerani muwerenge izi

Noma Yekha: Dikirani kaye, atsikana anayi nanga Junior ndi ndani

Nambewe: Ndi wachitatuyo, dzina anakonzeratu asanabadwe nde linangokhala kkkkk

Nesi Nabanda: Kkkk koma ya. Pomwe ine masamu amenewa ndimakumana nawo kwenikweni ndi pa sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo. Bambo ndi mayi onse akakhala kuti ananyamula mbewu ya matendawa koma iwo sadwala, mwana amatenga mbali imodzi kwa bambo ina kwa mayi. Mwayi wotenga yodwalitsayo kwa bambo ndi 1/2, kwa mayi 1/2, kuti atenge zonse ziwiri ndi 1/4. Tsono ukawauza makolo kuti mmodzi pa anayi, ambiri amamva kuti poti woyamba wabadwa nawo ndiye atatu otsatira ali bwino, ngongole yalipidwa. Ndinaonapo mayi akulira pa benchi mwana wachiwiri atapezekanso nawo, akuti koma munati mmodzi pa anayi. Zinandipweteka chifukwa mwina ndife tinafotokoza mothamanga. Mimba iliyonse imayambiranso pa 1/4. Masiku ano ndimatenga nyemba, ziwiri m'dzanja ili ziwiri m'dzanja ili, imodzi yoyera imodzi yofiira, ndimawauza atole maulendo angapo aone okha kuti zofiira ziwiri zitha kubwera kawiri motsatizana

Tiya F4: Anti ndiyese. Ana awiri onse kudwala ndi 1/4 x 1/4 = 1/16. Ana atatu onse osadwala ndi 3/4 x 3/4 x 3/4 = 27/64

Nesi Nabanda: Wakhoza mwana wanga, 42 pa 100. Nde taona, m'banja lotero la ana atatu mwayi woti mmodzi kapena kuposa adwale ndi 58 pa 100

Tiya F4: 58 mwaipeza bwanji

Aphunzitsi Akale: Anesi adumphira mutu wa mawa kkk. Achotsa 42 mu 100. Iyi ndi njira yomwe uyenera kuigwira ndi manja awiri Tiya. Funso likati "at least one", usavutike kuwerenga mmodzi, awiri, atatu payekhapayekha. Funsa kuti mwayi woti pasakhale ngakhale mmodzi ndi wotani, kenako chotsa mu 1. Umasewera ludo?

Tiya F4: Kwambiri sala

Aphunzitsi Akale: Kuti utuluke m'nyumba umafuna 6. Dayisi ili ndi mbali 6. Ukaponya ka 6, mwayi woti 6 ibwere ngakhale kamodzi ndi wotani?

Maule Mpaka Kale: Apa nde ndiyankhe ine. 1/6 ka 6 ndi 6/6, ibwera basi

Nambewe: Bodza limenelo, ine ndinakhalapo m'nyumba gemu yonse ana akundizungulira mpaka ndinanamizira kuti ndiwo zikupsa

Aphunzitsi Akale: Mayi Nambewe ayankha ndi zomwe anaona ndipo akhoza. Achimwene mwaphatikiza ngati Tiya m'mawa muja, nanga mukaponya ka 7 muti 7/6? Tiyeni njira ija. Kuphonya 6 pa kuponya kumodzi ndi 5/6. Kuphonya ka 6 konse ndi 5/6 kutaimusa yokha ka 6, 15625/46656, yomwe ndi 0.335. Chotsani mu 1 mupeza 0.665. Ndiye munthu mmodzi pa atatu alionse amaponya ka 6 ali m'nyumbabe. Sikuti dayisi yalodzedwa

Wa ku Leeds: Sala auzeni za mfalansa uja, munatiuza tili fomu 3 sindinaiwale

Aphunzitsi Akale: Mukukumbuka eti. Ku France kunali mkulu wina wokonda juga, Chevalier de Méré. Ankabetcha kuti akaponya dayisi ka 4, 6 ibwera ngakhale kamodzi, ndipo zinkamuyendera. Kenako anasintha, madayisi awiri, kuponya ka 24, kubetcha kuti 6 ndi 6 zibwera limodzi. M'mutu mwake zinali zofanana, 4 pa 6 ndi chimodzimodzi 24 pa 36. Koma tikawerenga bwino, yoyamba ija ndi 1 kuchotsa 5/6 ya ka 4, ikupereka 51.8 pa 100, ali pamwamba pa theka pang'ono. Yachiwiri 6 ndi 6 ndi 1/6 x 1/6 = 1/36, kuphonya ndi 35/36, ka 24, ukachotsa mu 1 ikupereka 49.1 pa 100, ali pansi pa theka. Kakusiyana kakang'ono koma kamodzi kali mbali yodya kena mbali yodyedwa. Mafunso ake a juga anakawatula kwa katswiri wa masamu Blaise Pascal, ndipo mu 1654 Pascal anayamba kulemberana makalata ndi katswiri mnzake Pierre de Fermat, m'makalata amenewo ndi momwe munamera masamu omwe akukuzunguza mutuwa Tiya

Maule Mpaka Kale: Mwaona, popanda ife obetcha bwenzi kulibe probability. Tipatseni ulemu

Noma Yekha: Iwe uli mbali ya de Méré osati ya Pascal

Mlimi wa ku Balaka: Ndakhala ndikungowerenga netiweki ikuvuta kuno. Aphunzitsi ine ndili ndi kotsutsa pang'ono. Ndili ndi minda iwiri, wina kuseri kwa nyumba wina kutsidya kwa msewu. Tinene kuti munda umakanika chaka chimodzi pa zisanu. Mwa masamu anuwo yonse iwiri kukanika limodzi ndi 1/5 x 1/5 = 1/25, kamodzi pa zaka 25. Koma ine chikhalire ikakanika imakanika yonse. 2024 ng'amba ija chimanga chinauma chili m'mawondo uku ndi uku, sabata imodzi yomweyo masamba kupotana ngati anyezi. Nde masamu anuwa akunama kapena

Aphunzitsi Akale: Bambo mwafunsa funso loposa onse lero. Masamu sananame, koma mwataimusa pomwe sipoyenera kutaimusa chonchi. Lamulo lija limagwira pokhapokha zinthu ziwirizo zisakudalirana, ngati gemu ya ku Spain ndi ya ku Germany. Minda yanu ili pansi pa mtambo umodzi. Mvula ikadula kuseri kwa nyumba yadulanso kutsidya kwa msewu. Mukandiuza kuti munda woyamba wauma, ine ndikudziwa kale za wachiwiri ndisanauone. Ndiye yonse iwiri kukanika sikuli pa 1/25, kuli kufupi ndi 1/5 yemwe uja. Chaka chomwe mukunenacho El Niño inagunda dera lonse, mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Maboma 23 sangakanike limodzi mwangozi chabe, chinawagwetsa ndi chinthu chimodzi

Mlimi wa ku Balaka: Nde nchifukwa chake amayi anga ankakakamira kadimba kumtsinje ndi chinangwa pang'ono ngakhale chimanga chichite bwino bwanji

Aphunzitsi Akale: Eya. Iwo ankafuna zinthu zomwe sizigwa ndi mkuntho umodzi. Dimba limamwa madzi apansi, chinangwa chimapirira pomwe chimanga chagonja. Sizili padera kotheratu poti ng'amba ikakula mtsinjenso umaphwa, komabe nzotalikiranako kusiyana ndi minda iwiri ya chimanga. Yeso lake ndi limeneli Tiya, dzifunse kuti nditadziwa zotsatira za choyamba, kodi maganizo anga pa chachiwiri asintha? Akasintha, usataimuse manambala osaphikawo

Nesi Nabanda: Ngati magetsi ndi madzi kuno ku Blantyre. Madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry kukwera mtunda wonse uja, nde magetsi akavuta kumapampu mipopenso imauma. Munthu sunganene kuti mwayi wa uku taimusi mwayi wa uku

Wa ku Leeds: Nkhani imeneyi kuno ku England inamangitsa munthu wosalakwa. Mayi wina loya, Sally Clark, ana ake awiri aamuna anamwalira ali makhanda, wina 1996 wina 1998. Anamuzenga mlandu woti anawapha. Kukhoti dokotala wa ana wotchuka, Roy Meadow, ananena kuti m'banja ngati limenelo mwayi woti khanda lifere kutulo mwadzidzidzi ndi 1 pa 8,543, ndiye awiri anangotaimusa 8,543 ndi 8,543 n'kupeza 1 pa 73 miliyoni. Nambala imeneyo inamveka ngati bomba, mu 1999 mayiyo anamangidwa. Koma ana a mimba imodzi, magazi amodzi, nyumba imodzi, angakhale bwanji osadalirana? Ngati pali chobadwa nacho kapena china m'nyumbamo chomwe chinatenga woyamba, wachiwiri ali pa chiopsezo chachikulu kuposa mwana wa kwa aneba. A Royal Statistical Society, bungwe la akatswiri a ziwerengero kuno, anachita kutulutsa chikalata mu 2001 kunena kuti kawerengedwe kameneko kalibe maziko. Anadzamutulutsa mu Januwale 2003 zitadziwikanso kuti panali zotsatira za ku labu zoonetsa kuti mwana wachiwiri anali ndi matenda, zomwe sizinaperekedwe pa mlandu. Koma munthu anali atasweka kale, anamwalira 2007

Nambewe: Mayo ine. Kuluza ana awiri kenako ndende pamwamba

Nesi Nabanda: Ndipo kwathu kuno bwenzi akuti ndi mfiti anadya ana ake. Banja limodzi likataya ana awiri atatu ndi matenda ofanana anthu amathamangira kuloza agogo, pomwe nthawi zina ndi za m'magazi ngati sickle cell yomwe ija

Aphunzitsi Akale: Pa mlandu umenewo panalinso cholakwika chachiwiri. Ngakhale nambala ija ikanakhala yoona, mwayi woti ana awiri afe mwadzidzidzi si mwayi woti mayiyo ndi wosalakwa. Mayi kupha ana ake awiri nakonso n'kosowa kwambiri, ndiye umayenera kuyerekeza zosowa ziwirizo. Koma izo nza ku koleji Tiya usazitengere ku mayeso

Maule Mpaka Kale: Sala nde ngati zodalirana zimakweza mwayi, ine ndizibetcha zodalirana. Timu iwine komanso straika wake agoletse, gemu imodzi yomweyo

Aphunzitsi Akale: Mutu ukugwira koma mwachedwa, a kampani anaziona kale. Tayesani kuziika pa tikiti imodzi muone, mwina ikana kapena akupatsani odds yotsika kusiyana ndi kutaimusa ziwirizo. Iwo analemba ntchito anthu a masamu, inu mukudalira mtima ndi jersey

Noma Yekha: Kkkkkk mtima ndi jersey

Tiya F4: Sala ndapeza lina mu pepala lakale ndiyese ndekha. Ana asukulu awiri akupanga samu imodzi payekhapayekha, mwayi woti woyamba akhoze ndi 2/3 wachiwiri 3/4. Onse kukhoza 2/3 x 3/4 = 6/12 = 1/2. Onse kulakwa 1/3 x 1/4 = 1/12. Ngakhale mmodzi kukhoza 1 kuchotsa 1/12 = 11/12. Mmodzi yekha kukhoza ndapanga 2/3 x 1/4 kuphatikiza 1/3 x 3/4, ndi 2/12 ndi 3/12, 5/12

Aphunzitsi Akale: Zonse zili bwino. Tsono dziyese wekha, onse kukhoza 6/12, mmodzi yekha 5/12, onse kulakwa 1/12, ukaphatikiza?

Tiya F4: 12/12, wani!

Aphunzitsi Akale: Uzichita zimenezo m'mayeso nthawi ikatsala, nthambi zonse za tree diagram, chojambula chija choonetsa njira zonse zomwe zinthu zingayendere, zikaphatikizidwa zizipereka 1. Nanga ndikufunse, mawu oti payekhapayekha awaikiranji mu funsomo?

Tiya F4: Chifukwa akakhala desiki imodzi wina akuonera mnzake nde kuti zikudalirana, woyamba akalakwa winayonso walakwa

Noma Yekha: Kapena onse ali ndi likasa limodzi kkkkk ngati Maule 2009

Maule Mpaka Kale: Likasa lake linali la chaka china aise tinagwa kalasi yonse, minda ya a Balaka yeniyeni

Mlimi wa ku Balaka: Kkkkk musandiputeko ine

Maule Mpaka Kale: Chabwino ndamva zonse. Koma ya weekend ino ndinali nditaimenya kale m'mawa musanayambe kalasi yanuyi, magemu 12, K500 yokha. Tiya tawerengera poti wadziwa

Tiya F4: Onse a 0.7 achimwene?

Maule Mpaka Kale: Cha pompo

Tiya F4: Ya magemu 8 inali 0.058, ya 4 ndi 0.24, ndikataimusa ndapeza 0.0138. Ndi kamodzi pa matikiti 72

Nambewe: Ukamenya imodzi Loweruka lililonse nde chaka ndi miyezi inayi kapena isanu

Aphunzitsi Akale: Ndipo osati kuti ya 72 ndi yomwe idzadye mayi, atha kufika 72 osadyabe, ngati ludo ija

Maule Mpaka Kale: Gemu yoyamba ikuyamba 2:30, ndikuuzani. Tiya ikalowa ndikugulira kakyuleta yatsopano

Tiya F4: Ndingobwereka ya mnzanga achimwene mayeso ali pafupi